Ndodo ya m'giza yadyeka: kodi magineziyamu amateteza bwanji chitsulo ku dzimbiri?

Funso: Giza yathu yatha zaka zinayi. Pulambala atabwera kudzakonza valavu, anasolola m'thankimo ndodo yodyekadyeka, yoyanga zoyera ngati laimu, waya wa m'kati akuonekera. Akuti ndi ya magineziyamu, ndipo tigule ina thanki isanabooke. Ine ndikuona ngati anatigulitsa giza yokhala ndi chitsulo chachabechabe. Zingatheke bwanji kuti chinthu cholephera kudziteteza chokha chiteteze chinzake? Ndipo ngati n'zoona, bwanji osangomangirira kachidutswa ka magineziyamu pageti kapena pagalimoto kuti za dzimbiri tiiwale?

Yankho: Pulambala wanuyo sanakunamizeni, ndipo gizayo ilibe vuto. Ine ndikanada nkhawa ndodoyo ikanatuluka yosalala, yonyezimira ngati yangochoka kufakitale, chifukwa zikanatanthauza kuti zaka zinayi zonsezi chimene chimadyeka ndi thanki yanu. Ndodo imeneyo anaiikamo dala kuti idyeke. Akatswiri amaitcha sacrificial anode, kunena kuti chitsulo choperekedwa nsembe.

Mawu akuti chitsulo timatchulira zonse, kopa, aluminiyamu, zinki. Apa ndikati chitsulo ndikunena ayironi ndi sitilo, zimene zimachita dzimbiri lofiira lija. Zinazo ndizitchula mayina awo.

Ambirife timaganiza kuti dzimbiri ndi litsiro lochokera kunja limene limamata pachitsulo. Dzimbiri ndi chitsulo chomwecho chikubwerera kumene chinachokera. M'nthaka ayironi sapezeka wonyezimira. Amapezeka m'miyala yofiirira, atagwirana ndi okosijeni. Kuti tipeze chitsulo timaotcha miyalayo m'ng'anjo ya moto woopsa mpaka okosijeni atamusiya. Kuyambira tsiku limenelo chitsulo chimakhala ngati mwala umene mwaukankhira pamwamba pa phiri: chimangodikira mpata woti chitsike. Mpatawo ndi madzi ndi mpweya.

Mmene chimatsikira ndi pamene pagona yankho la funso lanu. Atomu iliyonse ya ayironi ikamachoka pachitsulo n'kulowa m'madzi, imasiya m'chitsulomo maelekitironi awiri, tizidutswa ta m'atomu timene timanyamula magetsi. Polemba timati Fe → Fe²⁺ + 2e⁻, pamene Fe ndi ayironi ndipo e⁻ ndi elekitironi. Maelekitironiwo sangangounjikana. Payenera kupezeka wowalandira, apo ayi kudyekako kumaima. Wowalandira ndi okosijeni wosungunuka m'madzi: O₂ + 2H₂O + 4e⁻ → 4OH⁻. Kenako ayironi wosungunuka uja amakumana ndi OH⁻ ameneyu, amene amapangika okosijeni ndi madzi zikalandira maelekitironi, okosijeni wina n'kuwonjezerapo, ndipo pamatuluka phala lofiira limene likauma timalitcha dzimbiri.

Zigawo ziwirizi, kupereka maelekitironi ndi kuwalandira, sizichitikira pamalo amodzi. Katswiri wina wa ku Cambridge, Ulick Evans, anaonetsa zimenezi m'zaka za m'ma 1920 ndi dontho limodzi la madzi a mchere pachitsulo chopalidwa bwino. M'mphepete mwa dontholo madzi ndi opyapyala, okosijeni amafika msanga, ndiye m'menemo ndi mmene maelekitironi amalandiridwa, ndipo chitsulo cha m'mphepetemo sichidyeka. Pakati pa dontho, pamene mpweya ukuvutika kufika, ndi pamene chitsulo chimakumbika. Dzimbiri lenilenilo limakhala ngati mphete pakati pa malo awiriwa. Maelekitironi amayenda m'chitsulo kuchoka pakati kupita m'mphepete, ndipo tizidutswa ta mchere tokhala ndi mphamvu ya magetsi timayenda m'madzi kutseka njirayo. Dontho lamadzi pachitsulo ndi kabatire kakang'ono kamene mawaya ake agundana.

Tsono okosijeni safunsa kuti maelekitironi achokera kwa yani. Ali ngati wokhometsa ngongole amene akungofuna ndalama yake, kaya wapereka ndi mwini ngongole kaya ndi mnansi. Mukapeza wina wopereka mosanyinyirika kuposa ayironi, ndipo mukawalumikiza awiriwo, ayironi sapereka kanthu. Atomu ya ayironi imene sinataye maelekitironi ake siichoka pamalo pake. Sichoka, ndiye dzimbiri lilibe poyambira.

Kufunitsitsa kupereka maelekitironi kumayezedwa m'ma volt, ndipo nambala ikatsika kwambiri pansi pa ziro ndiye kuti mwiniyo ndi wosaumira. M'mabuku a sayansi kopa ali pa +0.34, tin pa −0.14, ayironi pa −0.44, zinki pa −0.76, aluminiyamu pa −1.66, ndipo magineziyamu ali kutali pansi, pa −2.37. Manambala amenewa ndi a m'labu. M'madzi enieni mpata wa pakati pa ndodo ya magineziyamu ndi thanki ya chitsulo umachepa, umakhala cha m'ma volt imodzi, koma wopereka amakhalabe magineziyamu, osati chitsulo. Ndodoyo imasungunuka, Mg → Mg²⁺ + 2e⁻, maelekitironi amatsika kudzera m'waya wa pakati uja, amadutsa pamazinga pamene ndodo yamangidwa, n'kufalikira m'thupi lonse la thanki. Paliponse pamene madzi akhudza chitsulo, okosijeni amapeza maelekitironi ali kale pomwepo.

Zoyera zimene munaziona pandodo zija ndi magineziyamu wosungunuka amene wagwirana ndi OH⁻, pamodzi ndi laimu wa m'madzi. Palinso bonasi yaing'ono. Pachitsulo chimene chikutetezedwa pamachuluka OH⁻, ndipo zimenezi zimachititsa kuti laimu wa m'madzi amate pamenepo. Kachikhungu ka laimuko kamatsekereza okosijeni, ndiye pakapita nthawi ndodo imadyeka pang'onopang'ono kusiyana ndi masiku oyamba.

Mwina mufunsa kuti nanga si thanki ya giza amaikuta m'kati? Amaikutadi, nthawi zambiri ndi galasi lopyapyala lowotcheredwa pachitsulo. Koma palibe kukuta kopanda chilema. Pamakhala timabowo tosaoneka ndi maso, malo owotcherera, mazinga a mapaipi, komanso timing'alu tobwera chifukwa chotentha ndi kuzizira tsiku ndi tsiku. Choopsa n'chakuti kudyeka konse kumathamangira pa timalo ting'onoting'ono timeneti. Chitsulo chikamadyeka ponseponse mofanana chimatha zaka zambiri. Chikamadyeka pa kadontho kamodzi chimabooka msanga, ndipo thanki imayamba kudontha pamene mbali zina zonse zili bwinobwino.

Tiwerengere limodzi kuti muone kukula kwa nkhaniyi. Malamulo amene katswiri wa sayansi Michael Faraday anapeza m'zaka za m'ma 1830 amatiuza kuchuluka kwa chitsulo chimene chimasungunuka magetsi akutiakuti akadutsa. Mphamvu ya amp imodzi (muyezo wa kuchuluka kwa magetsi odutsa) ikamatuluka m'chitsulo kwa chaka chathunthu imachotsa makilogalamu 9 a ayironi. Ntchito yomweyo magineziyamu amaigwira ndi makilogalamu 4 okha, chifukwa atomu yake ndi yopepuka: imalemera 24 pamene ya ayironi imalemera 56, koma zonse zimapereka maelekitironi awiri. Zimenezo ndi za papepala. Pantchito yeniyeni pamapita makilogalamu pafupifupi 8, chifukwa magineziyamu ndi wopupuluma. Pafupifupi theka la iye limathera kulimbana ndi madzi payekha, n'kumatulutsa mpweya wa haidirojeni, osathandiza chitsulo chilichonse. M'giza magetsi ake ndi ochepetsetsa. Tingoyerekeza kuti ndi 0.01 amp. Pachaka ndiye kuti ndodo yataya magalamu 80. Popanda ndodo, magetsi ofanana nawo akanachotsa magalamu 90 a chitsulo, osati ponseponse koma pa timabowo tija. Magalamu 90 ochoka pamalo aakulu ngati chikhadabo ndi bowo.

Tibwere ku geti ndi galimoto. Maganizo anuwo ndi abwino, ndipo si inu oyamba kuwaganiza, koma sizitheka. Batire limafuna njira ziwiri. Yoyamba ndi ya maelekitironi, ndipo imadutsa m'chitsulo: magineziyamu ayenera kukhudzana ndi chitsulo chenicheni, popanda penti, dzimbiri kapena pulasitiki pakati. Yachiwiri ndi ya m'madzi kapena m'dothi lonyowa, ndipo iyenera kukhala yosaduka kuchokera pamagineziyamu kukafika pamalo amene mukufuna kuteteza. M'thanki njira yachiwiriyi ilipo usana ndi usiku chifukwa zonse zamira m'madzi amodzi. Pageti mulibe. Mame kapena mvula zimasiya timadontho tosalumikizana, ndipo kadontho kalikonse ndi kabatire kakekake kamene sikadziwa n'komwe kuti kumunsi kwa geti kuli magineziyamu. Chidutswa chanucho chingateteze kadera kochepa kozungulira pamene chamangidwa, pa nthawi imene panyowa, basi. Ndi chifukwa chake ndikaona timakina tamagetsi totsatsidwa kuti timateteza galimoto yonse ku dzimbiri mwa njira imeneyi, sinditaya ndalama yanga. Galimoto siyenda itamira m'madzi.

Zinthu za pamtunda zili ndi yankho lake: m'malo moika nsembe pamalo amodzi, mumaipaka paliponse. Ndi zimene amachita ndi malata. Amawaviika m'zinki wosungunuka, kotero kuti dontho lililonse limene lagwa limapeza zinki pomwepo. Lata likakandika mpaka chitsulo kuonekera, zinki wa m'mbali mwa chilondacho amadyeka m'malo mwake, ndipo pokandikapo sipachita dzimbiri mpaka zinki wapafupi atatha. Geti lanu likufuna zinki kapena penti wabwino.

Lamulo lomweli likatembenuka limaluma. Chitini cha zakudya ndi chitsulo chokutidwa ndi tin, ndipo tin ali pamwamba pa ayironi pamndandanda uja. Chikakandika kunja n'kunyowa, wopereka amakhala ayironi, ndipo dzimbiri limathamanga kuposa pachitsulo chosakutidwa. Kopa ndiye woipitsitsa. Chipilala cha Statue of Liberty ku New York chili ndi khungu la kopa limene poyamba linagwiridwa ndi mafupa a ayironi. Zotchinga zimene anaika pakati zitatha ntchito, madzi analumikiza ziwirizo, ayironi n'kutupa ndi dzimbiri mpaka kusolola misomali yogwira khungulo. Pokonza m'zaka za m'ma 1980 anachotsa zitsulo zogwira khunguzo n'kuikamo za stainless steel. M'giza mwanu nkhani yake ndi yomweyo pang'ono: mapaipi a kopa ndi zolumikizira za brass zimakoka maelekitironi, ndipo ndodo ija imalipira ngongole ya zimenezonso.

Nzeru yonseyi inayamba ndi kopa, osati chitsulo. Mu 1824 katswiri wina, Humphry Davy, anauza bungwe la asayansi la Royal Society ku London kuti wapeza njira yotetezera malata a kopa amene ankakuta pansi pa zombo zankhondo za Britain. Anamangirira tizidutswa ta zinki ndi ayironi pakopayo, ndipo kudyeka kunaima. Apa ayironi ndi amene anali nsembe. Koma zinthu zinamutembenukira. Kopa akamasungunuka pang'onopang'ono amakhala poizoni kwa ndere ndi tinkhono ta m'nyanja. Atasiya kusungunuka, zamoyozo zinamata pansi pa zombo mpaka liwiro kuchepa, ndipo asilikali a pamadzi anaisiya njirayo. Davy yemweyo ndi amene anali woyamba kupatula magineziyamu mu 1808, ndipo Faraday, wa malamulo tawerengera aja, anali womuthandiza wake.

Magineziyamu si mankhwala a paliponse. Mphamvu yake yokankha maelekitironi ndi yaikulu, ndipo imafunika kumene njira ya m'madzi ndi yolimba kudutsa, monga m'madzi opanda mchere ndi m'dothi. Madzi akumwa sapititsa magetsi bwino, ndiye pamafunika wokankha mwamphamvu. Zinki m'madzi otere amakonda kuyanga chikhungu n'kugona tulo. Choipa china, m'madzi ena otentha kupitirira madigiri 60, zinki amatha kusinthana malo ndi chitsulo, iye n'kukhala wotetezedwa, chitsulo n'kumadyeka. M'giza zimenezo ndi tsoka.

M'nyanja ya mchere zinthu zimasintha. Madzi a mchere amapititsa magetsi mosavuta, ndiye magineziyamu amangosungunuka ngati sopo, osakhalitsa. Kukankha kwake kumapyolanso muyezo: pachitsulo pamatuluka haidirojeni wambiri amene amatukumula penti, ndipo zitsulo zina zolimba kwambiri zikamwa haidirojeniyo zimayamba kuthyoka ngati galasi. N'chifukwa chake zombo za m'nyanja ya mchere zimagwiritsa ntchito zinki, kapena aluminiyamu wosakaniza ndi zinki ndi kachidutswa ka indium kamene kamamuletsa kuyanga chikhungu. Maboti a m'madzi opanda mchere ndi amene amaika magineziyamu. M'matanki a zombo zonyamula mafuta magineziyamu ndi woletsedwa, chifukwa chidutswa chikagwa n'kumenya chitsulo cha dzimbiri chimathetheka moto.

Pamapaipi okwiriridwa m'nthaka amachita mwaluso. Chigumu cha magineziyamu amachiika m'thumba lansalu lodzaza ndi gypsum, dongo la bentonite ndi sodium sulfate pang'ono, kawirikawiri magawo 75, 20 ndi 5 pa 100. Zosakanizazi zimasunga chinyezi ndipo zimathandiza kuti chigumucho chidyeke mofanana mbali zonse. Thumbalo amalikwirira pambali pa paipi n'kulumikiza ndi waya. Woyendera paipi sakumba kuti aone ngati ili bwino. Amabaya pansi kachida koyezera ka kopa ndi copper sulfate, n'kuwerenga mita. Ikaonetsa −0.85 volt kapena kutsika kuposa apo, amadziwa kuti chitsulo chili pamtendere. Mapaipi aatali kwambiri amawapatsa maelekitironi kuchokera ku makina a magetsi m'malo mwa magineziyamu, koma mfundo yake ndi imodzimodzi.

Pali dandaulo limodzi limene eni magiza amabwera nalo kawirikawiri: madzi otentha akununkha ngati mazira owola. Magineziyamu amakhudzidwa, koma sali yekha. M'madzi ena muli mtundu wa mchere wotchedwa sulfate, ndipo muli tizilombo tosafuna mpweya timene timadya haidirojeni wochokera pandodo n'kusandutsa sulfate uja kukhala hydrogen sulfide, mwini fungolo. Ena akatopa amangochotsa ndodo n'kutseka pabowo. Fungo limathadi, koma thanki yatsala yopanda mlonda, ndipo opanga magiza ambiri salandira dandaulo la thanki yochotsedwa ndodo. Chanzeru ndi kutsuka thanki ndi kupha tizilomboto, kenako kuika ndodo ya aluminiyamu wosakaniza ndi zinki, kapena ya titanium yoyendera magetsi imene sidyeka. Haidirojeni yemweyo amatha kuunjikana pamwamba pa thanki giza ikakhala milungu iwiri kapena kuposerapo osagwiritsidwa ntchito. Mukabwera kuulendo, tsegulani mpopi wa madzi otentha kwa mphindi zingapo, popanda moto kapena fodya pafupi. Mukamva kutsokomola m'paipi, ndi mpweya umenewo ukutuluka.

Ndodo yanuyo isintheni. Waya wa pakati akayamba kuonekera motalika, cha m'ma sentimita 15 kapena kuposa, opanga ambiri amati yatha ntchito. Zaka zitatu mpaka zisanu ndi moyo wamba wa ndodo yotere, ndiye zanu zinayi sizachilendo. Madzi amchere pang'ono, madzi odutsa m'makina ofewetsa madzi, ndi giza yotenthetsedwa kwambiri, zonsezi zimaidya msanga. Poikapo yatsopano, pulambala azimitse magetsi, atseke madzi ndi kuchotsa mphamvu yokankha ya madzi a m'thanki. Tepi yoyera ya pamazinga asaichulutse. Nthawi zambiri mazinga amaiboola n'kukhudzana ndithu, koma ndi bwino kutsimikiza ndi mita kuti mutu wa ndodo ndi thupi la thanki zikupititsa magetsi. Ndodo yosakhudzana ndi thanki imadyekabe payokha pang'onopang'ono, mwiniwake n'kumaganiza kuti ikugwira ntchito.

Yakaleyo musaitaye msanga. Dulaniko tizidutswa tiwiri ndi sowo, modekha, ndipo utuchi wake muusunge kutali ndi moto chifukwa umayaka koopsa. Palani tizidutswato mpaka tinyezimire. Pezani misomali inayi yosakutidwa ndi zinki, muipalenso ndi sandipepala, ndi matambula anayi a madzi othira mchere pang'ono. M'tambula yoyamba ikani msomali wokha. Wachiwiri muukulunge ndi waya wa kopa wosenda. Wachitatu muumange mothina ndi labala pamodzi ndi kachidutswa ka magineziyamu. M'tambula yachinayi ikani msomali mbali ina, magineziyamu mbali ina, osakhudzana.

Pakatha tsiku limodzi kapena awiri, madzi a m'tambula yoyamba adzakhala atayamba kufiira, ndipo a yachiwiri adzafiira kuposa pamenepo, waya wa kopa ali mbee. M'tambula yachitatu mudzaona timathovu tikukwera, madzi atachita mbuu ngati mwadonthezamo mkaka, kachidutswa kaja katakumbikakumbika, koma msomali uli wotuwa ngati mmene munauikira. Wa m'tambula yachinayi udzachita dzimbiri ndithu, mwina mochedwerako, magineziyamu ali chapafupi pomwepo akudzithera yekha. Msomali umenewo uli bwino kuposa geti lanu, chifukwa iwo uli ndi njira ya m'madzi ndipo ukungosowa ya m'chitsulo. Ukankheni ndi kamtengo mpaka ugunde magineziyamu, muupanikize pomwepo, ndipo muyang'ane timathovu tikuyamba kutuluka pamsomali.